Matenda Osagoneka Munthu Pamphasa



Pali matenda amene sagoneka munthu pamphasa. Mwini wake amalima, amapita kumsika, pamene mtima wake ukuvutika kupopa magazi usiku ndi usana. Ameneŵa ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri timangoti BP. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita pamodzi ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti mwa Amalaŵi atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali nawo, ndipo ambiri a iwo sadali kudziŵa.

Akakuyezani pamkono ku chipatala cha Ndunde, pamatuluka manambala aŵiri. Akamafika pa 140 ndi 90 kapena kupitirira, pa masiku osiyana, ndiye kuti magazi akuthamanga. Musachite manyazi kufunsa manambalawo, ndipo alembedwe m'buku lanu la kuchipatala.

Chimene chimandidetsa nkhaŵa ine ndi ichi. Munthu amamwa mankhwala mwezi umodzi, ndipo poona kuti palibe pomuŵaŵa, amasiya. Komatu mankhwalaŵa sachotsa matendaŵa, amangowaletsa kukula. Akasiya, magazi amayambanso kuthamanga mwakachetechete, mpaka tsiku lina agogo adzuka kukamwa kutapotoka, mkono ndi mwendo zitafa. Pamenepo m'mudzi mumayamba manong'onong'o akuti mfiti yawamenya ndi hamala, ndipo abale amadana, pamene choona nchakuti mtsempha wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika.

Inu a ku Chiradzulu, kumwa mankhwala moyo wonse si nkhani yachilendo kwa inu. M'chaka cha 2001 madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières adayamba kupereka ma ARV pa chipatala chachikulu cha boma lanu, ndipo pambuyo pake mankhwalawo adafika m'zipatala zazing'ono. Mudaphunzira kuti wodwala amasoŵa mnzake womukumbutsa nthaŵi yomwera mankhwala ndi tsiku lokatenga ena. Wodwala BP akusoŵa mnzake wotere. Mdzukulu wodziŵa kuŵerenga angathe kusunga tsiku la sikelo ya agogo ake. Mukapeza kuti mankhwala atha kuchipatala, funsani adokotala chochita, musangobwerera kukakhala.

Tsono mawu kwa amene amagwira mthiko. Mchere wokwanira munthu wamkulu pa tsiku sufika magalamu 5, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wa m'ndiwo zonse. Soda wothira m'therere nayenso ali m'gulu la mchere. Musaphikire wodwala kamphika kakekake, chifukwa adzadziona wosalidwa ndipo adzathira mchere mobisa. Chepetsani mumphika wa banja lonse, pang'onopang'ono. Pakatha milungu ingapo lilime limazoloŵera, ndipo nkhwani zotendera zimakomabe.