Njinga ya kalabu: tiiwonjezere mphamvu kapena ayi?

Sinditalikitsa, ndikudziwa kuti ena muli ndi mpira madzulo ano.

Nkhani ndi ya njinga yathu yamoto ija. Nonse mukudziwa mmene tinaipezera: soya ndi mtedza wa zaka ziwiri, matuza m'manja. Pano ikugwira kabaza, ndipo ndi yokhayo imene ikulowetsa ndalama m'thumba la kalabu sabata ndi sabata. Tsopano pabwera ganizo loti tiitengere kwa makanika akaiwonjezere mphamvu, ndipo Loweruka tivota. Ena akuti tiboole injini, ena akuti tichotse ekizozi, wina mpaka waponya vidiyo ya supercharger pa gulu la WhatsApp. Munandituma kuti ndifufuze, ndiye imvani.

Tiyambe ndi supercharger yomweyo, poti ndi imene yatenga mitima. Amene munaonera Fast & Furious mukukumbukira galimoto yakuda ija, Dodge Charger ya 1970, yokhala ndi chichitsulo chotulukira pamwamba pa boneti. Chimenecho ndicho. Ntchito yake ndi ngati mvukuto wa osula makasu. Injini imayenda potentha petulo, ndipo kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino pamafunika mpweya wolemera makilogalamu pafupifupi 15. Injini wamba imakoka mpweyawo yokha, monga mmene timapumira ife. Supercharger imazunguzidwa ndi lamba kuchokera ku injini yomweyo n'kumakankhira mpweya wochuluka mkati mokakamiza. Turbo, imene ili m'mathiraki odutsa pa M12 kupita ku Mwami, imachita zomwezo, kungoti yo imazunguzidwa ndi utsi wa ku ekizozi. Mpweya ukachuluka, mafutanso ayenera kuchuluka, moto n'kukula, mphamvu n'kukwera. Palibe matsenga apa. Mphamvu iliyonse yowonjezera imalipiridwa pa pampu.

Dodge Challenger Hellcat, imene inatuluka ngati galimoto ya 2015, ili ndi injini ya malita 6.2 ndi supercharger, ndipo imatulutsa horsepower 707. Yathuyi ndi ya 125cc, horsepower zake zili cha m'ma 10. Injini ya Hellcat ndi yaikulu pafupifupi ka 50 kuposa yathu, komanso mapisitoni, mabuleki ndi zoziziritsira zake anazipangiratu kufakitale kuti zipirire moto umenewo. Njinga ya supercharger iliponso, Kawasaki Ninja H2, koma imaziziritsidwa ndi madzi. Yathu imangodalira mphepo yowomba pa timapiko ta injini tija. Ndiye za supercharger tiziika pambali, zikhale za m'mafilimu.

Komatu amene akufuna mphamvuwa sakulakwa pa zonse. Njingayi imalemedwadi. Ikanyamula munthu ndi thumba la chimanga, pachitunda imalira ngati ikupempha chikhululukiro, ndipo nthawi ya matope ndiye musanene. Chifukwa china n'chakuti kuno ku Mchinji tili pamtunda, pafupifupi mamita 1,200 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, moti injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake isanayambe n'komwe ntchito. Vutolo ndi lenileni. Funso ndi lakuti tilithetse bwanji osapha njinga.

Kuboola injini ndi kumene amakanika angathedi kuchita. Amakuza chibowo cha silinda, kapena kuika silinda ina, n'kuika pisitoni yaikulu kuti ifike 150cc. Mphamvu imakwera, zoona. Koma khoma la silinda yoboola limatsala lopyapyala, kutentha kumachuluka, ndipo kabureta ikapanda kusinthidwa kuti izipereka mafuta okwanira, injini imapsa pang'onopang'ono mpaka pisitoni kugwira. Zimenezi sizichitika pagalaja makanika ali pomwepo ayi. Zimachitika masana dzuwa likuswa mtengo, muli ndi wodwala kumbuyo mukuthamangira ku St Michael's. Kilachi ndi tcheni nazonso zimatha msanga chifukwa anazipangira mphamvu ya 125.

Ndiye pali mafuta. Inu nomwe mukudziwa mmene petulo amasowera, mizere ya pa filing'i sitesheni, ndi mitengo ya m'zigubu. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, sipeya aliyense anakwera. Mtengo wa ulendo wopita kwa Kamwendo sitingaukweze patokha, kasitomala angokwera ya mnzathu pasiteji pomwepo. Ndiye mafuta owonjezerawo alipira ndani? Thumba la kalabu.

Mapepala nawonso. Laisensi ya A1 imalola njinga yosaposa 125cc, ndipo m'mapepala a njinga yathu munalembedwa 125. Tikaikuza mwakachetechete, pa ngozi a inshuwalansi akhoza kupeza pokanira, ndipo amene angavutike kwambiri ndi mnzathu woyendetsayo, osati ife oponya mavidiyo.

Za ekizozi sindinenapo zambiri. Phokoso si mphamvu. Mungodzutsa odwala ndi kusokoneza Misa, kenako amfumu atiitanitse.

Chimene chikundiopsa kwambiri ine ndi mabuleki, ndipo pa WhatsApp palibe anawatchula. Amene munalemba Physics pa MSCE mukukumbukira: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Kungochoka pa 60 kufika pa 80, mtunda umene mabuleki amafuna kuti njinga iime umatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Mabuleki ndi omwe aja, matayala ndi omwe aja, mbuzi ndi ana a sukulu pamsewu ndi omwe aja.

Ganizo langa ndi ili. Chimene tikusowa si liwiro, ndi mphamvu yokoka katundu pachitunda, ndipo imeneyo tingaipeze osatsegula injini. Tiike sipuloketi yakumbuyo yokhala ndi mano ochulukirapo pang'ono. Liwiro lapamwamba litsika, pa tala idya mafuta ochulukirapo pang'ono, koma pachitunda ndi m'matope ikoka bwino. Ndi yotchipa, ndipo tikapanda kuikonda tibwezeretsa yakale tsiku lomwelo. Silinda yoboola sibwerera. Tisanatero n'komwe, titsuke sefa ya mpweya, imene fumbi la kuno limaitseka msanga, tisinthe pulagi ndi oyilo, makanika ayeze mavavu, tcheni chikungidwe. Mwina mphamvu imene tikuifuna ili momwemo, yangotsamwa ndi fumbi.

Ndikupempha kuti Loweruka tivotere sevisi ndi sipuloketi, kenako msungichuma ndi woyendetsa azilemba malita ndi ndalama za tsiku lililonse kwa mwezi umodzi. Ikadzakhala kuti ikulemedwabe, tidzakambirane zoigulitsa n'kuwonjezera ndalama ya soya kuti tigule ya 150 yochokera kufakitale, ndi laisensi yake. Amene muli ndi makanika wodalirika, bweretsani mitengo yake yolembedwa papepala pofika Lachisanu.