Fupa la M'khosi Nalonso Amalimezanitsa



Anthu a kuno ku Bvumbwe simufunika kuphunzitsidwa kumezanitsa mitengo. Ku Bvumbwe Research ndi m'minda ya makademiya ya m'maesiteti muno mumadula kanthambi ka mtengo wabwino, kukalumikiza pa tsinde lina, kumanga ndi pulasitiki, n'kudikira kuti zigwirane. Madokotala amachitanso zomwezo pa khosi la munthu.

M'khosi muli mafupa 7 osanjikizana, ndipo pakati pake pamadutsa chingwe cha mitsempha chochokera ku ubongo kupita ku manja ndi miyendo. Munthu akagwa pa njinga yamoto mumsewu wa Limbe uwu, kapena TB ikadya fupa, kapena kamtsamiro kapakati pa mafupa kakaphwanyika, chingwecho chimapanikizika. Dzanja limachita dzanzi, mwina miyendo kufooka. Dokotala amacheka pang'ono kutsogolo kwa khosi, kuchotsa chowonongekacho, ndipo pampata wotsalawo amaikapo fupa kuti mafupa awiri oyandikana ndi mpatawo amererane akhale limodzi. Njira imeneyi anaifalitsa madokotala a ku America, Smith ndi Robinson, m'zaka za m'ma 1950.

Nanga fupa loikapolo lichokera kuti? Loyamba ndi lanu lomwe. Gwirani pamene mumamangira chitenje kapena lamba: kafupa kotumphuka ka m'chiunoko ndi komwe amasemako kachidutswa. Ndi lamoyo, thupi sililikana, ndipo limagwira msanga. Ine mtima wanga uli pa limeneli, ngakhale sindikubisirani kuti limasiya bala lachiwiri. Odwala ena amadandaula kwambiri ndi chiuno kuposa khosi limene anapitira kuchipatala. M'maiko amene ali ndi mosungira mafupa amagwiritsanso ntchito fupa la munthu amene anamwalira atalipereka, lotsukidwa ndi kuyezedwa matenda. Pamenepo palibe bala lina, koma limachedwerapo kugwira. Palinso kabokosi ka chitsulo cha titanium kapena ka pulasitiki wolimba, komwe amadzazamo tizidutswa ta fupa, nthawi zina n'kukhomerapo kachitsulo ndi masikulu. Zimenezi n'zogula kunja, choncho mtengo wake ndi wokwera. Dokotala ndiye amasankha ataona zithunzi, koma wodwala ali ndi ufulu wofunsa kuti: "Adokotala, mundiika fupa liti, chifukwa chiyani?" Funsani, kaya ndi ku Queens ku Blantyre, kaya ku LION ku Lilongwe, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chinatsegulidwa mu 2023.

Tsono chimene chandibweretsa ndi ichi. Mtengo womezanitsa ukaugwedeza usanagwire, umauma. Fupa limafuna miyezi itatu kapena kuposa. Ndimamva chisoni kuona mayi wochitidwa opaleshoni yotere, sabata zochepa chabe, wavula kolala yochirikiza khosi, waika nkhata, wasenza ndowa kuchokera kumjigo, poopa kuti apongozi amunena ulesi. Abambo, nyamulani ndowayo. Akapitawo a m'minda ya tiyi, munthu wotere musamubwezere msanga ku dengu. M'patseni ntchito yopepuka. Ndipo wosuta asiye fodya, pakuti amachepetsa magazi ofika pafupa, n'kulilepheretsa kugwirana.

Inu a kabaza, nthawi zambiri ndinu oyamba kufika pangozi. Mnzanu akamalira khosi, musamudzutse, musamukhazike panjinga, musamukoke chipewa mwamphamvu. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ena amugoneke chagada pathabwa kapena pachitseko, thupi lonse liyende pamodzi mpaka m'galimoto. Fupa losweka dokotala angalilumikize, koma chingwe chija chikaduka pomunyamula, palibe angachisoke.

Aphunzitsi a kanyamulidwe kameneka abwera ndi thabwa lawo, ndipo aliyense ayesere ndi manja ake lero lomwe. Gogo Chalo Inkosi Bvumbwe, mwa chilolezo chanu, maphunziro awa ndawatsegulira.