Lamulo la Malipiro ndi Kusowa kwa Nchito

M'mwezi wa July caka ca 2012, Boma la Zambia linakweza malipiro ocepetsetsa amene mwini nchito ali yense ayenera kupereka. Wanchito wa m'nyumba, amene lamulo linali kumpatsa K250,000 pa mwezi, anayenera tsopano kulandira K522,400 m'ndarama zakale zija. Anchito anakondwera, koma eni nchito anacenjeza kuti ambiri adzacotsedwa. Mwezi wotsatira, pa mgodi wa malasha wa Collum ku Sinazongwe, anchito anakwiya poona kuti malipiro atsopanowo sanawafike, ndipo m'cipolowe cimeneco bwana mmodzi wa ku China anafa. Tsono nkhaniyi si yamasewera ai. Kodi lamulo lotere limathandiza wanchito, kapena limamcotsera cakudya kukamwa?

Yankho lake liri pa malo. Lamulo ndi limodzi, koma madera amene ligwerako safanana.

Citsanzo coyamba cicokera ku America. Mu 1992 cigawo ca New Jersey cinakweza malipiro kucokera pa madola 4.25 kufika pa 5.05 pa ora, pamene cigawo ca Pennsylvania, cimene ciri pamalire, sicinasinthe kanthu. Akatswiri awiri, David Card ndi Alan Krueger, anawerenga anchito m'nyumba zodyeramo 410 mbali zonse ziwiri, ndipo anapeza kuti ku New Jersey nchito sizinacepe. Cifukwa cimodzi nciti? Kumene mwini nchito ali ndi phindu lokwanira, akhoza kutapako pa phindulo, kapena kuwonjezera pang'ono mtengo wa katundu. Ndiponso munthu wolandira bwino sathawa-thawa, motero mwini nchito sabvutika ndi kuphunzitsa alendo mwezi ndi mwezi.

Koma ku South Africa kunaoneka zina. Pamene malipiro a m'mafamu anaikidwa ndi lamulo mu 2003, Haroon Bhorat ndi anzake anapeza kuti malipiro anakweradi, koma anthu olembedwa m'mafamumo anacepa. Mlimi sakhoza kudziikira yekha mtengo wa zipatso zimene agulitsa kutsidya kwa nyanja. Akapanikizika, amacepetsa manja. M'tauni ya Newcastle ku KwaZulu-Natal, mu 2010, akuru a boma anafika kudzatseka mafakitale osoka zobvala amene anali kulipira pansi pa muyeso. Amai osoka, amene lamulolo linali kufuna kuwachinjiriza, ndiwo anakana kuti zitseko zitsekedwe, pakuti m'dera lao munalibe nchito ina. Paja akuru anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

M'Zambia namonso muli madera a mitundu iwiri imeneyi. Pa migodi ikuru-ikuru ya ku Kitwe, Chingola ndi Solwezi, malipiro a anthu a yunioni amacokera m'pangano la yunioni ndi kampani, ndipo amaposa muyeso wa Boma. Lamulo limakhudza maka-maka iwo amene alibe yunioni: a m'masitolo, a m'nyumba, alonda, ndi ambiri olembedwa ndi makontilakita. Sitolo yaikuru ya mu Lusaka ikhoza kusenza katunduyo. Kasitolo ka ku Lundazi kapena ku Katete, kamene kamagulitsa bwino nthawi ya kukolola yokha, kakhoza kucotsa mmodzi mwa anchito awiri, kapena kusandutsa nchito ya mwezi kukhala ganyu.

Palinso cina cimene ambiri saciona. Mbiri ya malipiro abwino ikamveka kumidzi, anyamata amasiya khasu nakwera basi. Malo akakhala khumi, ofuna nchito nakhala makumi asanu, ulova ucuruka m'makomboni ngakhale palibe mmodzi wocotsedwa. Otsalawo amalowa m'misika ndi m'misewu, kumene anthu ambiri a dziko lino apezera cakudya, ndi kumene lamulo la malipiro silifika konse.

Cotero poika muyeso, Boma, mayunioni ndi eni nchito ayenera kuyang'ana mphamvu ya dera liri lonse, kukweza pang'ono-pang'ono m'malo modumpha kamodzi patapita zaka, ndi kutumiza oyang'anira okwanira. Muyeso wotsika kwambiri sukhutitsa banja. Wokwera koposa mphamvu ya malo utseka citseko. Ndipo wosatsatidwa ubala mkwiyo, monga kunacitikira ku Sinazongwe.