Masiku Osala Kudya pa Mseu Umodzi wa mu Lusaka

Mseu wa Independence Avenue uyambira kufupi ndi masitolo a ku Kamwala, nukwera citunda, nupitirira State House, nukathera ku Woodlands. Munthu woyenda pa mseu umenewu adutsa pafupi ndi mzikiti waukulu wa pa Burma Road ndi kacisi wa Ahindu, ndipo patsogolo pace aona chalichi ca Anglican ca Holy Cross, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962. Anthu opemphera m'nyumba zimenezi akwera basi imodzi ndi kugula ndiwo pa msika umodzi, koma mpingo uli wonse uwerenga masiku ace pa wokha.

M'mwezi wa Malichi 2025 masiku amenewo anakomana. Asilamu anayamba Ramadani kuciyambi kwa mwezi. Pa 5 Malichi Akristu a mipingo ya Katolika ndi Anglican analandira phulusa pamphumi nayamba Lenti. A cipembedzo ca Bahá'í, amene ali ndi sukulu ya atsikana ya Banani kufupi ndi Chisamba, anali pakati pa masiku ao 19 osadya ndi osamwa dzuwa lili pamwamba. Motero m'nyumba zitatu zoyandikana ku Woodlands mukadapezeka anthu atatu anjala, yense pa lamulo lace, osadziwa kuti mnzace wa tsidya lija la mpanda ali ndi njala yomweyo.

Kusala kumene kugwira thupi kolimba ndiko kwa Ramadani. Msilamu adzuka usiku nadya mbandakuca usanafike, ndipo kucokera pamenepo salawa kanthu, ngakhale dontho la madzi kapena utsi wa fodya, kufikira dzuwa litalowa. Acita cotero masiku 29 kapena 30, kufikira mwezi watsopano utaoneka. Odwala, apaulendo, amai apakati ndi oyamwitsa aloledwa kudya ndi kudzabwezera masikuwo bwino lace, ndipo ana sakakamizidwa. Madzulo Amwenye a ku Kamwala amasula ndi zipatso za kanjedza ndi samusa. Ayao, amene makolo ao anacokera ku Nyasaland kudzafuna nchito m'migodi ndi m'matauni, ambiri akonda futali wa cinangwa kapena mbatata wothira nsinjiro.

Ambiri afunsa cifukwa cace Ramadani sakhala pa nyengo imodzi monga Krisimasi. Caka ca Cisilamu ciwerengedwa ndi mwezi wa kumwamba, ndipo cili ndi masiku 354 okha. Cotero Ramadani afulumira ndi masiku 10 kapena 11 caka ndi caka, nazungulira nyengo zonse pa zaka 33. Ku London kusala kwa m'mwezi wa Juni kupitirira maora 18, koma ku Lusaka usana susintha kwambiri, ndipo wosala apirira maora 13 kapena 14. Cimene cisintha kuno ndico kutentha. M'caka ca 2016 Ramadani anagwa m'Juni, nyengo yacisanu, pamene munthu atha kugwira nchito tsiku lonse osakumbuka madzi. M'caka ca 2005 anagwa m'Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo adzabweranso pa nyengo yomweyo kufupi ndi caka ca 2038. Mmisiri womanga nyumba amene ayamba kusala lero ali mnyamata adzalawa nyengo zonsezi asanakalambe.

Pano mpamene nkhaniyi ikhudza anthu a pa nchito. Pansi pa mgodi patentha m'Juni monga m'Okutobala, ndipo munthu atuluka thukuta shifiti yonse. Kapitao wosadziwa kuti mmodzi wa anthu ace sanamwe madzi kucokera m'bandakuca amuyesa waulesi, kapena amuika pa nchito imene munthu wa cizungulire angavulale nayo pamodzi ndi anzace. Kapitao wodziwa afunsa, nasinthanitsa nchito kapena shifiti ngati kuli kotheka. Aphunzitsi a Cisilamu nawonso aphunzitsa kuti munthu amene moyo wace uli pangozi amasule, nadzabwezere tsikulo. M'nyumba za ku Woodlands ndi Kabulonga muli mtolo wina umene sukambidwa kawirikawiri. Wophika wocokera ku Bauleni kapena Kalingalinga, amene iye mwini ndi Mkristu, aphika cakudya cacikulu madzulo, natsuka mbale usiku, pamene mabasi ayamba kusowa. Kusala nkwa mwini nyumba, koma maora osinthikawo agwera wanchito, ndipo mwini nyumba wacilungamo ayenera kumkumbukira pa malipiro ndi pa ulendo wace wobwerera kwao.

Lenti ndi wautali koma wofewerapo. Masiku ace ndi 40, osawerenga Masondo, pokumbukira masiku amene Yesu anakhala m'cipululu. Lamulo la Akatolika lifuna kusala pa Lacitatu la Phulusa ndi pa Lacisanu Loyera, pamene munthu adya kokwanira kamodzi kokha, ndi kusadya nyama pa Lacisanu liri lonse la nyengoyo. Kunena zoona, lamulo la nyamali linakonzedwa kwa anthu okhala ndi nyama. Banja limene ndiwo zace za masiku onse ndi repu ndi kapenta silitaya kanthu pa Lacisanu, ndipo cifukwa cace ambiri asankha okha cosiya, wina mowa, wina fodya, napita madzulo ku Njira ya Mtanda. Lenti afika kuno pa nthawi imene nkhokwe zatha ndipo cimanga caciwisi cayamba kumene. Angoni a Mpezeni adziwa kudziletsa kwa nyengo imeneyi kucokera kale, pakuti mwambo wao suloleza kudya zam'munda zatsopano mfumu isanalawe pa Nc'wala ku Mtenguleni, kumapeto kwa Febuluwale.

Ahindu asala kawiri pa mwezi pa tsiku lochedwa Ekadashi, posadya mpunga, tirigu ndi nyemba, ngakhale ambiri alola zipatso ndi mkaka. Tsiku lao limene mzinda wonse ulizindikira ndi Diwali, m'Okutobala kapena Novembala, pamene ayatsa nyali zambiri pakhomo. Ayuda, amene m'zaka za m'ma 1950 anali ngati 1,000 m'dziko lino, ndipo mmodzi wa iwo anali Simon Zukas womenyera ufulu, atsala owerengeka. Tsiku lao la Yom Kippur lifuna maora 25 opanda cakudya ndi madzi, ndipo ligwa m'Sepitembala kapena Okutobala, pamene Lusaka ali ng'anjo.

Kalendala ya Boma siwerenga masiku onsewa mofanana. Lacisanu Loyera, Loweruka lace, Lolemba la Pasaka ndi Krisimasi ndi masiku opumula kwa onse. Idi ya kumapeto kwa Ramadani ndi tsiku lopumula ku Malawi, koma ku Zambia Msilamu ayenera kupempha cilolezo kwa mkulu wa nchito, ndipo sangachule tsiku lenileni kufikira mwezi utaoneka usiku wace. Mhindu ndi Myuda apempha momwemonso. A mpingo wa Seventh-day Adventist, amene ndi ambiri m'dziko lino, akomana nalo bvutoli sabata ndi sabata, pakuti kucokera dzuwa litalowa Lacisanu kufikira litalowa Loweruka sagwira nchito ndipo salemba mayeso.

Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo mau amenewo analowa m'ciyambi ca malamulo akulu a dziko m'caka ca 1996, pamodzi ndi lonjezo lakuti munthu ali yense ali ndi ufulu wa cipembedzo cace. M'caka ca 2015 Boma lenilenilo linaitana anthu kusala. Mtengo wa mkuwa unali utagwa, madzi a ku Kariba anacepa ndipo magetsi anali kuzima, kwacha inafooka kwambiri, ndipo mgodi wa Baluba ku Luanshya unaimitsa nchito. Pulezidenti Edgar Lungu anaika 18 Okutobala kukhala tsiku la dziko lonse la kupemphera ndi kusala kudya. Pa tsiku loyambalo, limene linali Sondo, malo omwera mowa anauzidwa kutseka ndipo masewera a mpira anaimitsidwa. Ena anayamika, ena anati mtengo wa mkuwa uikidwa ku London ndipo sumva njala ya anthu a ku Lusaka. Caka comweco malo anapatulidwa ku Woodlands omangapo nyumba ya mapemphero ya dziko lonse, yochedwa National House of Prayer, koma nchito yomanga inacedwa zaka zambiri cifukwa ca kusowa kwa ndalama.