Zaka zisanu ndili ndi mfuti m'chiuno

Awa ndi mawu amene mlendo wathu anayankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawalemba monga momwe anayankhulira kuti amene munajomba musatsalire.

Nditalandira uthenga woti ndidzayankhule pano, ndinafunsa kuti nkhani yake ndi yotani. Anandiyankha kuti pa gulu lanu la WhatsApp mwakangana sabata yathunthu za mfuti, chifukwa cha mavidiyo a ku America amene mumaonera pa YouTube ndi TikTok, anthu akukhuthula m'matumba kuonetsa zimene amayenda nazo tsiku ndi tsiku: makiyi, tochi, kampeni, kenako pisitolo. Wina akuti Glock ndiye dilu, wina akuti ayi, revolver. Ndinaseka kaye, kenako ndinavomera, chifukwa ine chinthucho ndinayenda nacho zaka zisanu ku Johannesburg, mwalamulo, chiphaso chili m'thumba.

Tiyambe ndi mavidiyo anuwo. Ambiri amajambulidwa m'dziko limene malamulo ake aakulu amapatsa munthu ufulu wokhala ndi mfuti. Ku Texas, kuyambira mu September 2021, munthu wamkulu amene alibe mlandu womuletsa akhoza kuyenda ndi pisitolo popanda kutenga chiphaso. Zimenezo ndi za kwawoko. Ku Joni kumene ambiri a inu mukulota kupita, nkhani ndi ina.

Kumeneko kuli lamulo lotchedwa Firearms Control Act la chaka cha 2000, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu July 2004. Kuti akuganizire n'komwe uyenera kukhala ndi zaka 21 kapena kuposa, komanso ukhale nzika ya dzikolo kapena ukhale ndi pepala lokhala kosatha. Mwamva pamenepo? Amene uli pa pasipoti ya masiku 30 yomwe inatha chaka chatha, iwala. Ine ndinapita mu 2006, ndinakwatira konko, ndipo pepala lokhala kosatha ndinalipeza patapita zaka. Ukadutsa pamenepo umakaphunzira malamulo ndi kawombedwe pa sukulu yovomerezeka, n'kulemba mayeso. Apolisi amakudinda zala, amafufuza ngati unapalamulapo mlandu wa nkhanza kapena ngati mowa ndi mankhwala zinakulowerera. Akakhutira amakupatsa satifiketi yosonyeza kuti ndiwe woyenera. Imeneyo si chiphaso cha mfuti ayi, ndi khomo loyamba chabe. Kenako umasankha mfuti, imatsala kwa wogulitsa, iwe n'kulemba kalata yofotokoza chifukwa chimene ukuifunira. Kunyumba umamanga safe, bokosi lachitsulo lokhomeredwa kukhoma kapena pansi ndi mabauti. Ukatero umadikira yankho lochokera ku Pretoria, miyezi ikudutsa. Chiphaso chodzitetezera chimalola mfuti imodzi yokha, chimatha pakapita zaka zisanu, ndipo zipolopolo zosunga zisapose 200.

Chinandipititsa m'zonsezi n'chiyani? Ndinali ndi kashopu kokonza ndi kugulitsa mafoni. Mu 2014 anyamata atatu analowa dzuwa likuswa mtengo, anandigoneka chafufumimba pansi, wina phazi lake lili pakhosi panga. Anasesa mafoni onse, ngakhale a makasitomala. Sindinagone tulo tabwino mwezi wonse. Ndiye musaganize kuti ndabwera kudzanyoza munthu amene akufuna kudziteteza. Mantha amenewo ndikuwadziwa fungo lake.

Tsopano za kusankha, zimene mwakanganira zija. Revolver ndi ija ili ndi ng'oma yozungulira, imalowa zipolopolo 5 kapena 6, siivuta kuimvetsa ndipo siikakamira kawirikawiri, koma kuikhethemula kumafuna chala champhamvu ndipo kuthiramo zipolopolo zina kumachedwa. Pisitolo ndi ija ili ndi magazini m'chigwiriro. Ine mtima unali pa CZ 75, ya ku Czech Republic, yachitsulo yokhayokha, yokongola ndithu. Nditainyamula ndinamva kulemera ngati paketi ya shuga ya kilo, ilibe n'chipolopolo chomwe. Mphunzitsi wanga, mdala wina wosalankhulalankhula, anangondifunsa ngati ndingamangirire paketi ya shuga palamba kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka usiku, tsiku lililonse. Ndiye ndinathawira ku tating'ono tolowa m'thumba. Nditayesa kamodzi ku malo ophunzirira, kanandimenya m'manja ngati chikwapu, chipolopolo n'kupita kwina. Mfuti ikachepa imakankha kwambiri ndipo imavuta kulunjika nayo. Pomaliza ndinatenga Glock 19, ya ku Austria, ya 9mm, magazini yake yolowa zipolopolo 15. Inakwana m'dzanja langa, basi chifukwa chake n'chimenecho. Mkangano wanu wa sabata yathunthu uja ine unanditengera masana amodzi.

Chimene chinanditengera zaka ndi kuyenda nayo.

Lamulo la kumeneko limati pisitolo pagulu ikhale mu holster kapena m'chikwama, yophimbika yonse. Holster ndi kachimake kachikopa kapena kapulasitiki yolimba komangirira palamba, ndipo yabwino imaphimba pokhethemulira ponse. Za m'mafilimu zongoisomeka m'thalauza zija ndi njira yachidule yodziwombera ntchafu. Glock ilibe kabatani kapambali kotsekera, chitetezo chake chili pokhethemulira pomwepo ndi m'kati, ndiye chala, kansalu ka malaya kapena chingwe cha jekete chikakoka pamenepo, yalira. Kusukulu anatikhomerera mfundo zinayi mpaka tinkazilota: mfuti iliyonse uitenge ngati ili ndi chipolopolo, usalozetse pa chinthu chimene sukufuna kuwononga, chala chisayandikire pokhethemulira mpaka utatsimikiza kuwombera, ndipo uzindikire chimene ukuwomberacho ndi chimene chili kuseri kwake. Yachinayiyi muisunge, tibwererako.

Moyo unasintha m'tinthu timene palibe amakajambula pa vidiyo. Malaya opisira ndinasiya, ndinayamba kuvala zazikulu ngati ndabwereka. Mwana wanga akamandithamangira kuti andikumbatire ndinkapotoloka kuti asagunde m'chiuno, mpaka mayi ake anandifunsa ngati mwanayo wandilakwira. M'chimbudzi cha pa malo omwetsera mafuta umayamba waganiza kuti uiika pati. Kukhoti, ku bwalo la ndege ndi m'maofesi ambiri sulowa nayo, ndipo kuisiya m'galimoto ndi kuitana mbava. Ikatayika kapena kubedwa uyenera kukanena kupolisi pasanathe maola 24, ndipo ngati unaitaya mosasamala mlandu ndi wako. Mowa ndiye iwalani. Kugwira mfuti utaledzera ndi mlandu, kotero kubraai anzanga ankamwa, ine ndili ndi Fanta m'manja ngati mwana wa Sande sukulu.

Koma cholemera kwambiri chinali ichi: mkangano uliwonse ndinkayenera kugonja. Dalaivala wa taxi akakudula pamsewu n'kukutukwanira makolo, umangomwetulira. Kasitomala akakukankha pachifuwa chifukwa cha sikirini yosweka, umapepesa. Bwanji? Chifukwa kungoloza munthu mfuti popanda chifukwa chomveka ndi mlandu kale, ndipo ndewu ya zibakera imene wina ali ndi pisitolo m'chiuno siikhalanso ya zibakera. Lamulo limakulola kudziteteza pamene akukuukira kapena ali pafupi kutero, ndipo mphamvu imene wagwiritsa ntchito ifanane ndi choopsacho. Mnyamata akakutsomphola foni n'kumathawa, iwe n'kumuwombera kumsana, kukhoti wozengedwa mlandu wakupha ndi iwe. Amene mumaganiza kuti mfuti imakupangitsa kukhala bwana wa m'dera, ine inandisandutsa munthu wofatsa kuposa onse pa msewu wathu, ndipo osati mwa kufuna kwanga.

Mu 2017 anabweranso, awiri. Ndinali nditawerama pa foni ya munthu, kasikuludiraiva kali m'manja. Nditadzutsa mutu, kamwa la mfuti linali kale pamphumi panga. Yanga inali pomwepo m'chiuno, yodzaza. Ndikanayesa kuisolola bwenzi lero mukumvera mlendo wina. Wachifwamba amasankha yekha nthawi, iwe umadziwa zinthu zitayamba kale. Ndinapereka ndalama ndi mafoni, ndikupemphera chamumtima kuti asandipapase, chifukwa akanaipeza akanaitenga, mwinanso kundiwombera poganiza kuti ndine wapolisi. Sanandipapase. Ndinene chilungamo, alipo anthu amene mfuti inawapulumutsa, ena ndinkaphunzira nawo limodzi. Ine tsiku limene ndinaigulira lija litafika, inangokhala phee pansi pa malaya.

Tibwerere ku mfundo yachinayi ija. Usiku wina cha m'ma 2 koloko ndinamva munthu akudumpha mpanda kuseri kwa nyumba. Galu wa aneba akuuwa, akazi anga andigwira mkono. Ndinatsegula safe manja akunjenjemera, n'kupita pa windo la kukhitchini. Ndinaona chithunzithunzi cha munthu atavala chipewa, akulimbana ndi chitseko cha kachipinda ka kuseri. Mtima unkagunda m'makutu. Dzanja linali litakwera kale. Chimene chinandigwira ndi chizolowezi cha kusukulu chija, chala chinali chowongoka pambali pa mfuti. Ndinayatsa tochi, ndipo chifukwa cha mantha Chizulu ndi Chingerezi zonse zinathawa, ndinakuwa m'Chichewa kuti ndani iwe. Yankho linabwera: “Ndine achimwene, ndataya kiyi wa pageti.”

Anali mng'ono wanga, wobadwa naye bere limodzi, amene anali atangokhala nafe miyezi iwiri chichokereni kumudzi. Ndinakhala pansi pakhitchini pomwepo mpaka kunja kunacha. Ndinkangoganiza kuti foni yopita kwa amayi ndikanaiyamba ndi mawu ati.

Musaone ngati ndi nthano ya ine ndekha. Mu 2004 Rudi Visagie, amene anasewererapo timu ya rugby ya dziko la South Africa, anamva galimoto ikutuluka pakhomo pake m'bandakucha, anaganiza kuti ndi mbava, anawombera. M'galimotomo munali mwana wake wamkazi wa zaka 19, ndipo anamwalira. Oscar Pistorius mumamudziwa nonse. Pa 14 February 2013 ku Pretoria anawombera kanayi pa chitseko chotseka cha chimbudzi n'kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp. Iye anauza khoti kuti ankaganiza kuti muli wakuba. Khoti la apilo mu 2015 linagamula kuti ndi mlandu wakupha, chifukwa kaya kuseri kwa chitsekocho kunali ndani, iye ankadziwa kuti zipolopolozo zikhoza kupha munthu. Mu 2017 chilango chake chinakwezedwa kufika zaka 13 ndi miyezi isanu.

Pali chinanso chimene amuna sitikonda kuchikamba. Mu March 2020 dziko lija linatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Shopu inatsekedwa, lendi ikuwerengabe, angongole akuimba foni m'mawa ndi madzulo, kumudzi nakonso akudikira. Ndinayamba kusowa tulo, ndipo ndinadzipeza ndikuganizira za safe ija kuposa mmene munthu ayenera kuiganizira. Ku America, kwawo kwa mavidiyo anu aja, mwa anthu onse amene amafa ndi mfuti pa chaka, oposa theka amakhala odzipha okha. Maganizo oipa amabwera n'kupita, koma mfuti ikakhala pafupi siipatsa munthu mpata woti kuche aganizenso. Ndinawauza akazi anga zonse, iwo anatenga makiyi a safe, ndipo tinakaonana ndi abusa komanso adokotala. Chiphaso changa chinali kutha chaka chomwecho, ndipo lamulo limati ukapemphe chatsopano kutatsala masiku osachepera 90. Sindinakapemphe. Malonda atatsegulidwa ndinakaisiya kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka, mapepala onse n'kusainirana. Ngati pano pali wina amene ngongole kapena za chibwenzi zamufika pakhosi chonchi, tisapatukane lero tisanayankhulane, ndikhala panja paja mpaka nonse mutapita.

Za kuno kwathu ndinene mwachidule. Mfuti iliyonse imafuna chilolezo cha boma kudzera kupolisi, ndipo chiphaso cha ku South Africa sichikupatsa ufulu wodutsa nayo pa Mwanza kapena pa Dedza. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi kachitsulo kotchipa kochokera ku Mozambique, kapena ku Joni mnzanu wa chipinda chimodzi akakuuzani kuti mumusungireko kaye pansi pa matilesi, dziwani kuti simukudziwa kuti kanapha ndani, ndipo apolisi akakapeza, mbiri yake yonse imagwera amene wagwidwa nako. Ku South Africa kupezeka ndi pisitolo yonga yanga ija popanda chiphaso, chilango chimene lamulo linaika poyambira ndi zaka 15, pokhapokha khoti litapeza zifukwa zamphamvu zochepetsera.

A tcheyamani ayamba kuyang'ana wotchi. Holster ija sindinagulitse, ndabwera nayo, ndi iyi. Mulibe kanthu, musathawe achemwali. Iyambire kutsogolo kuno izidutsa m'manja, muone mmene imaphimbira pokhethemulira. M'chikwamamu mulinso paketi ya shuga ndi lamba. Mnyamata amene anayambitsa mkangano pa WhatsApp uja abwere kuno, timumangirire m'chiuno, akhale nayo mpaka titamaliza mafunso.