Buleka ikagwa, musaikemo yaikulu

Ndine wa zamagetsi, ndikuyankhula kuchokera ku Rosettenville, ndipo nkhaniyi yandikhala pakhosi kuyambira Loweruka.

Tsiku limenelo mlongo wathu wina anandiitana kuti m'chipinda mwake mukununkha ngati nsomba yopserera, koma sanaphike nsomba. Ndi zipinda zija za kuseri kwa nyumba, zinayi, zonse zikudya pa waya mmodzi. Nditachotsa soketi ya kuseri kwa bedi, pulasitiki ya waya inangoyoyoka m'manja mwangamu ngati chikonyo chopserera, kopa ali pamtunda, khoma lili bii. Bedi lake ndi lomwe amagonapo ndi mwana wa zaka ziwiri. Nditapita pa DB, bokosi la mabuleka, ndinapeza buleka ya 40 amps pamalo pa ya 20. Landilodi akuti inkagwa madzulo aliwonse, anthu nkumadandaula, ndiye anagula yaikulu namuuza mnyamata wina kuti aikemo. Iwo ankaona ngati akonza.

Achimwene, tamverani apa. Buleka, kaya fyuzi, ntchito yake ndi kuteteza waya amene ali m'khoma. Kuno ku Joni waya wa masoketi amakhala wa 2.5mm, ndipo buleka yake ndi ya 20 amps. Wa mababu ndi 1.5mm, buleka ya 10. Magetsi athu ndi 230 volts, ndiye 20 amps ikunyamula mawatsi pafupifupi 4,600 basi. Tsono werengani nokha: hita ya 2,000, ketulo ya 2,000, wina chipinda chinacho wayatsa hotipuleti, winanso akusita yunifomu ya mawa. Mwadutsa kale. Buleka ikagwa pamenepo ndiye kuti yagwira ntchito yake. Mukaikamo ya 40, waya uja sanakule, ndi yemwe uja, kungoti tsopano palibe womuletsa kutentha. Amapsa mwakachetechete m'khomamo, inu mukuonera mpira.

Ndikudziwa kumene tinatenga chizolowezi chimenechi. Kumudzi mapulagi athu a mano atatu aja ali ndi kafyuzi mkati, ka 13 amps. Kakapsa, tinkakulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ena nkuikamo kamsomali. Inenso ndinachitapo ku Ndirande ndili mnyamata, sindikana. Anzathu muli ku UK, mapulagi anu ndi omwewo: nyale imafuna fyuzi ya 3 amps, ketulo ya 13, musasinthanitse. Koma a kuno a mano ozungulira alibe fyuzi konse. Ekisitenshoni yanu yotchipa ija ingathe kusungunuka buleka osagwa, chifukwa bulekayo imayembekezera kuti katundu apitirire 20. Choncho hita isamapite pa ekisitenshoni, ipite pakhoma, yokha. Ndipo waya osamudutsitsa pansi pa matiresi kapena kapeti.

Tsopano za kuyeza. Sikuludiraiva ija yoyaka kanyale musaikhulupirire ndi moyo wanu. Masana padzuwa kanyale kake sikaoneka, nthawi zina kamayaka pamene palibe kanthu. Ife timachita katatu: kuyesa tesita pa soketi imene tikudziwa kuti ili ndi moto, kenako pa waya amene tazimitsa, kenako kubwereranso pa soketi yoyamba ija kuti titsimikize kuti tesitayo sinafere m'njira. Zolemba za pa DB nazonso zimanama, palembedwa mababu pamene ndi giza. China chimene chikupweteka anthu masiku ano ndi ma inveta ndi sola. Mwazimitsa main switch, koma batire ikutumizabe moto m'mawaya ena. Ndipo magetsi akathima dera lonse, musati ndiye mpata wokonza. Eskom kapena City Power sakuimbirani foni akamayatsa.

Chimene aliyense angachite yekha, ngakhale amayi athu, ndi ichi. Pa DB pali earth leakage, ili ndi kabatani kolembedwa T kapena Test. Imeneyo ndiye imateteza munthu: moto ukayamba kuthawira m'thupi kapena m'madzi, imagwa pa 30 milliamps. Dinani kabataniko. Magetsi akathima, ili moyo, ikwezeninso. Akapanda kuthima, mukukhala m'nyumba yopanda chitetezo, ndipo alipo malandilodi amene amaidumphitsa dala chifukwa imawavuta. Auzeni mwaulemu kuti aitane munthu wolembetsedwa, amene amapereka CoC, satifiketi yotsimikizira kuti mawaya ali bwino. Ndikudziwa, ena mapepala sali bwino, timaopa kuyankhula kuti angatithamangitse. Ndiye pitani onse a pabwalopo limodzi, osati mmodzi.

Wina akagwidwa ndi magetsi, musamukoke ndi manja. Zimitsani kaye, kapena mukankheni ndi mtengo wouma wa tsache, kenako imbani 112. Moto wa magetsi osathira madzi.

Kwa mlongo wathu kuja ndabwezeretsa ya 20, ndasintha waya wopsa uja, ndipo agwirizana kuti aziphika mosinthana kufikira landilodi atakoka laini ina. June ndi July amabwera ndi chisanu chawo. Usiku uno, hita ikayaka kwa ola, gwirani pulagi yake ndi kuseri kwa dzanja. Ikakhala yotentha, zimitsani, jambulani DB yanu, munditumizire ku inbox. Kuona chithunzi sindilipiritsa.