NYIMBO ZA ZAKA ZA 1970 NDI CUMA CA MTUNDU WATHU

 Nkhani imene ndapatsidwa lero ndi ya nyimbo. Ena mwa inu mungadabwe kuti munthu wa Boma wasiyiranji za feteleza ndi misika ya cimanga ndi kuyamba kukamba za magitala. Ndikupemphani kuti mundimvetsere kufikira kumapeto, pakuti nkhaniyi ikhudza katundu amene ena muli naye m'nyumba zanu osadziwa mtengo wake.

Munthu akafika mu Lusaka, nacoka pa Cairo Road kulowera ku Kabwata, adzapeza mseu wochedwa Paul Ngozi Road. Akafuna kupita ku nyumba ya wailesi ya ZNBC, adzayenda mu Alick Nkhata Road. Onse awiri anali oimba. A Nkhata anachuka pa wailesi ufulu usanabwere, pambuyo pace nakhala mkulu wa nchito za wailesi m'dziko muno. Iwo anaphedwa m'caka ca 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi. A Ngozi, amene dzina lao lobadwa nalo ndi Paul Nyirongo, anabadwa mu 1949 namwalira mu 1989. Kodi anthuwa ndi anzao anacita ciani kuti mzinda waukulu uwakumbukire motere?

Akuluakulu mukumbukira kuti m'nthawi ya atsamunda Lusaka anali wogawikana. Kumayadi, monga ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kunali kwa azungu, ndipo anthu akuda anali kukhala m'makomboni monga Kabwata, m'tinyumba tozungulira timene tina tikalipo pa Kabwata Cultural Village. Ufulu utabwera mu 1964, anyamata a m'matauni anali kumvetsera kwambiri nyimbo za kunja, za Beatles, Rolling Stones ndi Jimi Hendrix. Mu 1970 James Brown wa ku America anadzaimba m'dziko muno. Ana athu anaphunzira magitala, koma ambiri anali kungotsanzira alendo.

Pakati pa zaka za 1970, Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr. Kenneth Kaunda, amene nayenso anali wokonda gitala, analamula kuti pa nyimbo 100 zili zonse zoulutsidwa pa wailesi, 95 zikhale za mu Zambia. Wailesi inasowa nyimbo zokwanira, motero cipata cinatseguka kwa oimba athu. Mu Lusaka anali kujambula ku DB Studios. Ku Ndola kampani ya Teal inali kudinda malekodi, ndipo a Edward Khuzwayo a Zambia Music Parlour anathandiza magulu ambiri kutulutsa nyimbo zao. Mu 1975 gulu la WITCH la ku Kitwe linatulutsa cimbale ca Lazy Bones, gulu la Amanaz linatulutsa Africa, ndipo a Rikki Ililonga anatulutsa Zambia. Gulu la Ngozi Family la mu Lusaka linatsatira ndi Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977. Maimbidwe amenewa, osakaniza gitala la magetsi ndi kamvekedwe ka ng'oma za kwathu, ndiwo achedwa Zamrock. A Ngozi anali kuimba m'Cizungu ndi m'Cinyanja, ndipo anali kukamba za umoyo wa munthu wamba wa m'komboni.

Koma nyengo yabwinoyo siinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama zinayamba kusowa, ndipo lekodi inasanduka cinthu ca anthu olemera. Mu 1978 ndi 1979, cifukwa ca kuukira kwa asilikali a Rhodesia, kunali malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi, kotero oimba anasowa poimbira. Kenaka kunabwera nyimbo za disko ndi makaseti okopera mwakuba. Coipa koposa zonse cinali matenda a Edzi, amene m'zaka za 1980 ndi 1990 anatilanda oimba ambiri. Mwa anyamata amene anayambitsa WITCH, anatsala ndi a Emmanuel Jagari Chanda okha, ndipo iwo anakhala mphunzitsi, pambuyo pace nayamba kukumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja.

Pano ndifuna kuti inu a m'midzi muchere khutu. Pamene Zamrock inafooka, cimene cinadzaza malo ace m'zaka za 1980 cinacokera kumudzi. Kalindula, amene mizu yace ili ku Luapula, analowa m'tauni kudzera mwa a P.K. Chishala, Amayenge, Shalawambe ndi Serenje Kalindula Band. Anthu a ku Chelstone, ku Kabwata ndi kumayadi komwe anabvina nyimbo za m'zilankhulo zosiyanasiyana, ngakhale zimene sanabadwe nazo. Apa mau akuti Zambia imodzi, mtundu umodzi, anaoneka ndi maso. Tauni ikauma, imakatunga kumudzi.

Kwa zaka zambiri nyimbo za 1970 zinaiwalika, ndipo malekodi ambiri anasweka kapena kutayidwa. Amene anadzazifukula ndi alendo. Kampani ya Now-Again ya ku America inatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012, ndi zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock mu 2017. Mu 2019 kunatuluka kanema wofotokoza mbiri ya gululi. A Chanda anabwerera pa nsanja, nayenda maiko a ku Ulaya ndi America, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa cimbale catsopano ca Zango. Mwana wathu Sampa the Great anaimba pamodzi ndi gululi pa cimbale cace ca 2022. Mu 2024 woimba wochuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family ya 1977 naciika m'nyimbo yace yochedwa Noid. Motero mau a Cinyanja a munthu amene anamwalira mu 1989 anamveka kwa anthu miyandamiyanda pa dziko lonse.

Makolo athu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tiwayamika alendowo. Koma tiyeneranso kudzifunsa: nanga ife eni ace tinali kuti? Lamulo la pa wailesi linabala nyimbo, koma kusunga nyimbozo inali nchito ya ife tonse, ndipo pa nchito imeneyo tinagona.

Cifukwa cace ndikusiyirani zinthu zitatu. Coyamba, ambiri amene anagwira nchito ku Migodi ndi mu Lusaka anabwerera kumudzi ndi malekodi ao. Ngati muli nao m'sutukesi, asungeni pouma, kutali ndi dzuwa ndi moto, ndipo musawagulitse mothamanga musanafunse mtengo wace weniweni. Caciwiri, ana ndi akazi amasiye a oimba adziwe kuti nyimbo ili ndi mwini ngakhale woimbayo atamwalira. Apite ku bungwe la ZAMCOPS, limene liyang'anira ufulu wa eni nyimbo, akafunse za gawo lao. Cacitatu, anyamata ndi atsikana amene muli ndi mafoni, jambulani agogo anu pamene aimba nyimbo za pamtondo, za cimtali ndi za vimbuza, ndipo lembani dzina la woimba, mudzi wace ndi caka.

Tikacita zimenezi, adzukulu athu sadzapita kwa alendo kukapempha nyimbo za makolo ao.